Impso ziwiri za mng'ono wanga

Mawuwo anawalankhula mkazi wanga ali pampando wa dayalisisi, makina otsuka magazi a munthu amene impso zake zinasiya kugwira ntchito, mkono wamanzere uli ndi masingano awiri, magazi akuyenda m'timapaipi kupita m'makina n'kubwerera. Linali ola lachitatu mwa maola anayi aja, nthawi imene amayamba kuzizidwa n'kupempha bulangete lachiwiri. Anayang'ana kudenga n'kunena chapansipansi kuti, "Abambo, mukudziwa kuti alamu aja anapita ndi impso ziwiri zabwinobwino?"

Sindinayankhe. Ndinanamizira foni n'kutuluka, ndipo ndinaima panja mpaka mtima utatsika. Ndisaname, ndinapsa mtima. Ndinamva ngati wafukula manda a m'bale wanga ndi pakamwa. Koma ndili chiimire panjapo ndinadziwa kuti sananene mwankhanza. Munthu amene amalumikizidwa ku makina katatu pa sabata, amene amamwa madzi mochita kuyeza, amaona impso paliponse. Ine yemwe ndinali nditayezetsa kuti ndimupatse yanga, koma magazi athu sanagwirizane.

Mng'ono wanga anamwalira ali ndi zaka 38. Sankasuta, sankadwaladwala, ndipo Loweruka lililonse ankasewera mpira ndi anzake. Tsiku limenelo anangogwa, popanda womugunda. Anzake anayamba aseka, akuti akudzigwetsa kuti apeze faulo. Ataona kuti sakugwedezeka, mmodzi anagwada n'kuyamba kumupsinja pachifuwa. Chakudza sichiimba ng'oma. Ine ndinafika kuchipatala akumupsinjabe, ndipo chitseko sichinatsekeke bwino, choncho ndinaona zambiri zimene mwina sindinayenera kuona. Namwino wina wamfupi anali atakwera pa kampando kuti afike bwino, mikono ili nga, thukuta likugwera pa malaya a m'bale wanga amene anali atawang'amba ndi sizasi. Ankasinthana, wina akatopa wina n'kukwera. Kenako dokotala anakweza dzanja. Onse anasiya. Anayang'ana wotchi yapakhoma n'kutchula nthawi, wina n'kulemba.

Anandipatsa kathumba ka pulasitiki muli nsapato za mpira, makiyi ndi foni. Ndili nako m'manja, foniyo inalira. Anali mkazi wake.

Palibe amene anatifunsa za ziwalo tsiku limenelo, ndipo ine zimenezo sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Zinabwera patapita zaka ziwiri, ndi mawu a mkazi wanga aja. Kuyambira usiku umenewo ndinayamba kuwerenga, iye akagona, kuti ndidziwe ngati zimene ananenazo zinali zotheka.

Chimene ndinayamba kumvetsa ndi chakuti imfa sizifanana kwa madokotala oika ziwalo. Mtima ukaima, magazi amaima, ndipo chiwalo chilichonse chimayamba kuwonongeka. Ubongo ndiwo umayambirira, m'mphindi zochepa chabe. Impso zimapirirako, koma osati nthawi yaitali. N'chifukwa chake ziwalo zambiri zimachokera kwa anthu amene ubongo wawo wafa koma makina akuwapumira, mtima ukugundabe. Njira yoweruzira imfa yotereyi inakhazikika pambuyo pa lipoti la madokotala a ku Harvard mu 1968. Ziwalo zina zimachokera kwa odwala mwakayakaya amene abale ndi madokotala agwirizana kuti makina azimitsidwe. Pa imfa ziwirizi pamakhala mpata. Anthu amakhala pansi, amalira, amafunsana, amaimbira foni amalume. Mu 1995 akatswiri anakumana ku Maastricht, m'dziko la Netherlands, n'kugawa m'magulu anayi anthu opereka ziwalo mtima utaima. Gulu lachiwiri ndi la anthu amene anagwa mwadzidzidzi, anayesedwa kudzutsidwa, koma zinakanika. Ndinawerenga mzere umenewo kangapo. Mng'ono wanga anali ndi gulu lake, nambala 2.

Pa gulu limeneli mpata palibe. Pali wotchi basi.

Dziko limene lachita kwambiri zimenezi ndi Spain, makamaka ku Madrid, ndipo France nayo inatsatira. Mmene amachitira ndi motere. Ambulansi ikafika, amalimbana naye munthuyo kwa mphindi zosachepera 30. Zikakanika, m'malo mosiyira pomwepo amamumangirira makina opsinja chifuwa, amapitiriza kumupopera mpweya, n'kuthamangira naye kuchipatala. Kunja zikuoneka ngati palibe chasintha, koma cholinga chasintha: tsopano akusunga impso, mwina ndi chiwindi kapena mapapo. Akafika, dokotala amene sali m'gulu la oika ziwalo amaimitsa zonse, amadikira mphindi 5 popanda womukhudza, n'kulengeza kuti wamwalira. Kenako makina opsinja aja amayambiranso. Amadziwitsa woweruza milandu, ndipo lamulo la kumeneko limati akapanda kuletsa pa mphindi 15, madokotala angathe kuyamba ntchito yosunga ziwalo. Amacheka pamphechepeche, amalowetsa mapaipi m'mitsempha ikuluikulu, n'kulumikiza ku makina otchedwa ECMO, amene amatulutsa magazi, kuwapatsa okosijeni n'kuwabweza m'thupi. Mu msempha waukulu wochokera kumtima amafufumitsamo kabaluni kuti magaziwo azizungulira m'mimba mokha, asakwere kumtima ndi kuubongo. Zonsezi ziyenera kuchitika pasanathe pafupifupi maola awiri ndi theka chigwereni munthuyo. Kuchotsa chiwalo kwenikweni kumadikira abale. Ngakhale lamulo la Spain la 1979 limatenga munthu aliyense ngati wovomera pokhapokha ngati anakana ali moyo, abale amafunsidwabe, ndipo akakana zimathera pomwepo.

Impso zopezeka motere nthawi zambiri zimachedwa kuyamba kugwira ntchito, zina sizidzuka n'komwe, koma zimene zadzuka zimatumikira munthu kwa zaka. Choncho mkazi wanga sanalakwitse. Kukanakhala kwina, impso za mlamu wake zikanatha kuchotsa anthu awiri pampando umene iye amakhalapo.

Chinayamba kundivuta ndi kumucheka munthu abale asanafunsidwe. Ndinkadziyerekeza ndikulowa m'chipinda muja n'kupeza m'bale wanga ali ndi mapaipi pantchafu, makina akung'ung'uza, wina n'kundiuza kuti wamwalira kale koma tamusungira kaye. Mwamusungira ndani? Mwapempha kwa ndani? Ku New York anayesa kuzemba vuto limeneli. Chakumapeto kwa 2010 anayambitsa ambulansi yapadera ku Manhattan, yotsatira pambuyo pa ambulansi yanthawi zonse, ndipo inkaloledwa kutenga munthu pokhapokha pali umboni woti analembetsa yekha ali moyo kuti adzapereka ziwalo. Patatha miyezi ingapo ntchitoyo inatsekedwa isanapeze impso ngakhale imodzi. Ulemu unalipo wokwanira, koma wothandizika panalibe.

Ndinapita nayo nkhaniyi kwa mlamu wanga, mkazi wa malemu. Ndinazungulira nthawi yaitali ndisanafike pa mfundo, mpaka iye anandidula. "Alamu, nenani zimene mwabwerera." Nditafotokoza, anakhala chete akupinda nsonga ya nsalu yapatebulo, n'kunena kuti, "Tsiku lija mukanandifunsa dzina langa sindikanalidziwa. Akanandipatsa pepala ndikanasaina chilichonse, kapena kukana chilichonse, osadziwa chimene ndikuchita. Koma akanandisiya ndilire kaye, n'kundifunsa usiku, ndikanavomera. Bambo aja ankapereka magazi osadikira kupemphedwa. Akanakana bwanji?"

Mawu amenewo anandisuntha pamene ndinaima. Ndinali kuganiza kuti dokotala akapanda kuchita kanthu ndiye kuti walemekeza banja. Koma akapinda manja, pakatha maola awiri funso lija limakhala kuti layankhidwa kale, ndipo woyankha si mkazi wake, si amayi, si malemuyo. Mapaipi aja amagula nthawi yoti wamasiye afunsidwe ali ndi mutu wake. Akakana, mapaipi amachotsedwa, bala limasokedwa, munthu amaikidwa ndi ziwalo zake zonse. Sindikunena kuti bala limenelo ndi nkhani yaing'ono, thupi la womwalira si chinthu wamba. Koma pakati pa bala losokeka ndi khomo lotsekeredwa osafunsidwa, lero ndingasankhe bala.

Kufunsa munthu ali pachisoni si kwachilendo pa ntchito imeneyi. Usiku wa pa 2 December 1967, dokotala Christiaan Barnard asanaike mtima woyamba m'chifuwa cha Louis Washkansky ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, madokotala anapita kwa bambo a Denise Darvall, mtsikana wa zaka 25 amene anagundidwa ndi galimoto. Bambowo anali atangotaya mkazi wawo pa ngozi yomweyo. Anavomera. Ndikaganiza za bambo ameneyo ndimachita mantha ndi kulemera kwa funsolo, komanso ndimaona kuti munthu wosweka mtima amathabe kupereka, akafunsidwa ngati munthu.

Pamene sindinasunthike mpaka lero ndi pa kabaluni kaja.

Taganizani. Makina a ECMO amene amasunga impso za womwalira ndi omwewonso amene zipatala zina zimagwiritsa ntchito kupulumutsa munthu amene mtima wake wakana kudzuka. Mapaipi ndi omwewo, pocheka ndi pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti pofuna kupulumutsa moyo, magazi amaloledwa kufika kuubongo, pomwe pofuna kusunga ziwalo njira ya kuubongo imatsekedwa dala. Nditazindikira zimenezi ndinadzuka pakama n'kukakhala pabalaza mumdima. Ngati mukutsimikiza kuti wafa, mukutsekeranji? Mukuopa chiyani?

Yankho la madokotala ndinalipeza, ndipo si lopusa. Amati imfa inalengezedwa chifukwa magazi anasiya kufika kuubongo ndipo sadzafikanso. Ukawabwezerako, ukugwetsa maziko amene unaimikapo chilengezo chako, ndiponso ungadzutse kachigawo ka ubongo wowonongeka kale popanda kumubweza munthuyo. Kabaluni kamateteza womwalirayo. Ndikumva. Koma yankho lomwelo likuulula kanthu kena. Mawu oti "sadzafikanso" ali ndi matanthauzo awiri. Lina ndi lakuti n'zosatheka. Lina ndi lakuti sitiyesanso. Kwa wodwala amene iye mwini kapena abale ake anasankha kuti makina azimitsidwe, tanthauzo lachiwirili ndi lokwanira, chifukwa kusayesanso ndiko kufuna kwake. Nanga mng'ono wanga, amene anachoka panyumba atanyamula nsapato za mpira n'kulonjeza ana kuti abwera madzulo? Iye sanasankhe kuti asiyidwe. Kwa munthu wotere, dokotala asanasinthe cholinga ayenera kukhala atatheratu zonse zimene chipatala chake chingathe.

Okonda mpira mukukumbukira Fabrice Muamba. Pa 17 March 2012 anagwa pabwalo la White Hart Lane, Bolton ikusewera ndi Tottenham. Mtima wake sunagunde paokha kwa mphindi 78. Lero ali moyo, akuyenda, akulankhula. Mphindi 78 ndi zoposa kuwirikiza kawiri mphindi 30 zija. Ndiyenera kunena chilungamo apa: mtima wa Muamba unkanjenjemera, mtundu wa vuto umene shoko ya magetsi imatha kukonza, ndipo anayamba kuthandizidwa nthawi yomweyo. Anthu amene amatengedwa kukasungidwa ziwalo amakhala oti pa makina pakuoneka mzere wowongoka, mtima uli zii. Si zofanana. Komabe dzina lake silindichoka ndikamva nambala iliyonse yonena kuti apa ndiye pothera.

Za ECMO yopulumutsa moyo nazonso sizinakhazikike. Ku Minneapolis mu 2020 anayerekeza magulu awiri a anthu amene mitima yawo inakana shoko: mwa 14 amene anaikidwa pa ECMO, 6 anatuluka m'chipatala amoyo, pomwe mwa 15 amene anathandizidwa mwanthawi zonse anatuluka mmodzi yekha. Kafukufuku wokulirapo wa ku Netherlands, wofalitsidwa mu 2023, sanapeze kusiyana koonekera. Ku Paris madokotala a ambulansi amafika pomulumikiza munthu ku ECMO pomwe wagwerapo, ngakhale pasiteshoni ya sitima. Ndiye kuti munthu yemweyo, wogwa mofanana, mumzinda wina angaikidwe mapaipi kuti adzuke, mumzinda wina n'kuikidwa mapaipi omwewo ndi kabaluni. Ine maganizo anga ndi awa. Chipatala chimene chili ndi makina ndi anthu odziwa kulumikiza ECMO usiku pakati chifukwa cha impso, chilibe chifukwa chokanira kulemba poyera kuti ndi odwala ati amene chidzawalumikize chifukwa cha moyo wawo. Funso la moyo liyambe layankhidwa, ndi munthu amene sakuwerengera impso, kenako funso linalo libwere. Zikasemphana ngakhale kamodzi, anthu adzayamba kuyang'ana ambulansi ndi diso lina, ndipo oyamba kukayika adzakhala osauka ndi alendo, amene kale amadziwa kuti moyo wawo sulemera mofanana ndi wa ena.

Mphindi 5 zodikira zija nazo ndinazifufuza, chifukwa zinkandionekera zochepa. Ku Italy lamulo limafuna mphindi 20. Kafukufuku wina wa 2021, wochitikira ku Canada, Czech Republic ndi Netherlands, anatsatira odwala oposa 600 amene makina awo anazimitsidwa. Anapeza kuti mwa ena mtima umaima n'kugundanso pang'ono paokha, koma nthawi yaitali kwambiri imene unakhala chiimire usanagundenso inali mphindi 4 ndi masekondi 20, ndipo palibe amene anatsitsimuka. Pamenepo mphindi 5 zikumveka. Koma amenewo sanali anthu opsinjidwa pachifuwa. Pa anthu amene anachitidwa CPR, kupsinja pachifuwa kuja, madokotala analembapo za mitima yoyambanso kugunda patapita mphindi pafupifupi 10 atasiya. Zifukwa zimene amapereka ndi zomveka: mpweya wopoperedwa mwamphamvu umatha kudzazana m'mapapo n'kutsekereza magazi obwerera kumtima, ndiye ukaphwa magazi amayendanso, mankhwala obayidwa aja nawonso amatha kufika mochedwa. N'zosowa kwambiri, koma zimachitikira gulu lomweli la mng'ono wanga. Ndikanakhala woika malamulo, pa gulu limeneli ndikanawonjezera mphindizo, ngakhale impso zina ziwonongeke. Ndikulemba izi mkazi wanga ali m'chipinda chinacho, mapazi atatupa, ndipo ndikudziwa mtengo wa chimene ndikunena.

Pali china chimene sichifuna makina kapena kafukufuku. Ndi cha m'bale amene akuthamanga pambuyo pa ambulansi. Akuona makina akupsinja, akumva siren ikulira, akupemphera mumtima kuti afike msanga. Ogwira ntchito mkatimo akudziwa kuti nkhondo yatha. Ngati samuuza, amunamiza, ngakhale asatulutse liwu limodzi labodza. Ine ndinaima pakhomo paja ndikuona namwino akutuluka thukuta, ndipo chimene chimanditonthoza mpaka lero ndi chakuti thukuta lonselo linali la m'bale wanga. Ndikanadzamva pambuyo pake kuti theka lake linali la munthu wina wosamudziwa, ndipo anandibisira, sindikudziwa ngati ndikanakhululuka. Koma akanandiuza kuti, "Bambo, tayesetsa, mtima wakana. Tikupitiriza kupsinja kuti ngati banja lingafune kupereka ziwalo, mwayiwo usatayike," ndikanalira pomwepo, koma ndikanadziwa chimene maso anga akuona. N'zovuta kunena mawu amenewo kwa munthu amene akunjenjemera pamsewu. Ndikudziwa. Koma wosankha ntchito yocheka thupi abale asanafike wasankhanso ntchito yolankhula mawu ovuta.

Mwezi watha ndinalemba zofuna zanga papepala n'kuika m'kachikwama ka ziphaso. Ndinalemba kuti ndikadzagwa mwadzidzidzi, madokotala akadzatheratu nzeru zawo, atenge chilichonse chimene chingathandize munthu, ndipo asadikire kuti abale afike kuti ayambe kusunga. Mkazi wanga anawerenga, n'kundibwezera osanena kanthu, kenako anati, "Zanu sizingandikwane ine, mukudziwa." Ndinati ndikudziwa. Anaseka pang'ono, koyamba sabata imeneyo.

Amayi ndiwo anavuta. Ndinadikira tsiku limene anali osangalala, koma nditangoyamba anakweza dzanja ngati dokotala uja. "Iwe, usandiuze zimenezo. Ndaika kale mmodzi." Ndinakhala chete. Tinakamba zina, za adzukulu, za bondo lawo limene likuwavuta. Pamene ndimatsanzika anandiperekeza mpaka pakhomo, zimene sachita masiku ano chifukwa cha bondolo, n'kundigwira mkono.

"Pepala lakolo," anatero, "walembapo kuti ayambe ayesetsa kaye?"

Ndinati ndalemba, Amayi.

"Ukalembenso kachiwiri. Ndi zilembo zikuluzikulu."